Mfuti ndi nkhani m'mbiri ya Malawi: zomwe boma la Kasungu linaona

Boma la Kasungu silinakhalepo bwalo la nkhondo chilandirire dziko lino ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964. Kumadzulo limachita malire ndi dziko la Zambia, ndipo nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene inayamba m'chaka cha 1977 n'kutha mu 1992, inkamenyedwa kutali ndi minda ya fodya ya ku Santhe, Chamama, Chulu ndi Mtunthama. Ngakhale zili choncho, munthu wofuna kumvetsa m'mene magulu onyamula zida anakulira m'dziko muno, komanso m'mene nyumba zofalitsa nkhani zinkagwirira ntchito pa nthawi ya nkhondo, sangalilambalale bomali. Kasungu ndi kwawo kwa Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anali mkulu wa asilikali a boma komanso wa gulu la Malawi Young Pioneers pa nthawi imodzi, ndiponso mwini wake wa nyuzipepala yokhayo imene inkatuluka masiku onse a ntchito. Fodya wa m'zigwa za Kasungu ndiye ankadalira njanji zimene nkhondoyo inatseka. Mmodzi mwa akuluakulu anayi a boma amene imfa yawo inalengezedwa monama pa wailesi m'chaka cha 1983 anali mwana wa ku Kasungu.

Akatswiri a mbiri akamanena kuti mzimu wa nkhondo walowa m'dziko, amatanthauza nyengo imene yunifolomu, perete, kulamula ndi kumvera kosafunsa zimatuluka m'malinga a asilikali n'kukhazikika kusukulu, kumsika ndi kumunda, ndipo munthu wa maganizo osiyana ndi a boma amayamba kutengedwa ngati mdani woyenera kugonjetsedwa. Mzimu wotere ungathe kukula ngakhale m'dziko limene silikumenyana ndi dziko lina lililonse. M'Malawi muno unakula m'zaka zimene nkhani zonse zinkatulukira pakamwa pamodzi.

Nkhondo za atsamunda ndi amene ankazilemba

Boma la atsamunda linafika ku Kasungu ndi mfuti. Kumapeto kwa chaka cha 1895 asilikali otumidwa ndi boma la Harry Johnston anagumula linga la Mfumu Mwase, imene inakana kugonja, ndipo mfumuyo inasankha kudzipha m'malo mogwidwa. Pamalopo panamangidwa malo a asilikali otchedwa Fort Alston, amene pambuyo pake anasanduka boma la Kasungu. Nkhani za nkhondo ngati imeneyi zinkalembedwa ndi opambanawo m'Chingerezi, m'nyuzipepala ya boma ya British Central Africa Gazette imene inayamba kutuluka ku Zomba mu 1894. Mbali ya Achewa inasungidwa m'kamwa mwa akuluakulu.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inafika ku Nyasaland mofulumira kuposa uthenga wake. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko lina la kutsidya kwa nyanja, woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo asanamve n'komwe kuti ku Ulaya nkhondo yayamba. Pa 9 Sepitembala nkhondo inamenyedwa ku Karonga. Malingana ndi kafukufuku wa Melvin Page, amene analemba buku la The Chiwaya War, anthu a dziko lino pafupifupi 19,000 analowa usilikali ndipo ena pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, ambiri mokakamizidwa kudzera mwa mafumu.

Munthu wakuda woyamba kufunsa poyera, kudzera m'nyuzipepala, chifukwa chimene anthu ake ankafera anali M'busa John Chilembwe. Mu Novembala 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti amphawi akukhetsa mwazi pa mkangano umene sakuudziwa, n'kusiya akazi amasiye ndi ana osowa owasamala. Boma linaletsa kufala kwa kalatayo. Patangopita miyezi iwiri, pa 23 Januwale 1915, Chilembwe anaukira boma.

Pa nkhondo yachiwiri atsamunda anachita mosiyana. Anazindikira kuti anthu akapanda kuuzidwa kanthu amadzipangira okha nkhani, choncho anayamba kuwauza zimene boma linkafuna kuti amve. Ku Zomba kunkatuluka kapepala ka boma kotchedwa Nkhani za Nyasaland, ndipo mu 1941 ku Lusaka kunatsegulidwa wailesi youlutsa nkhani za nkhondo m'zinenero za anthu akuda, kuphatikizapo Chinyanja. Wailesiyo inadzakula n'kukhala Central African Broadcasting Station, ndipo kuyambira 1949 inayamba kumveka m'midzi kudzera m'kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya, kotchedwa Saucepan Special. Ndi mfundo yofunika kuikumbukira kuti kuulutsa mawu m'chinenero chathu kunayambika ngati chida cha boma pa nkhondo, ndipo chizolowezi chimenecho sichinathe msanga.

Mu 1959 boma linagwiritsanso ntchito nkhani ngati chida. Polengeza lamulo la State of Emergency pa 3 Malichi, Bwanamkubwa Robert Armitage ndi akuluakulu a ku London anafalitsa zoti chipani cha Nyasaland African Congress chinakonza chiwembu chopha azungu. Anthu 51 anaphedwa ndi achitetezo, ndipo Dr Banda anakatsekeredwa ku Gwelo. Bungwe lofufuza la Lord Devlin linapeza kuti nkhani ya chiwembu chachikulucho inali yokokomeza, ndipo linati Nyasaland inasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. M'chaka chomwecho Aleke Banda, ali mnyamata, anayambitsa Malawi News ngati liwu la chipani chatsopano cha Malawi Congress Party.

Apayoniya

Gulu la Malawi Young Pioneers linakhazikitsidwa m'chaka cha 1963 potengera magulu a achinyamata a ku Ghana ndi ku Israel, ndipo alangizi oyamba a maphunziro ake anachokera ku Israel. Amodzi mwa malo oyamba ophunzitsira anali ku Nasawa m'boma la Zomba. Cholinga chimene chinalengezedwa chinali chachitukuko: kutenga achinyamata amene analibe ntchito, kuwaphunzitsa ulimi wamakono, ukalipentala, kumanga nyumba ndi zaumakaniki, kenaka n'kuwabweza kumudzi kapena kuwakhazika m'masikimu a ulimi kuti akhale chitsanzo kwa anzawo. Si chilungamo kunena kuti zonsezi zinali chinyengo. Pali alimi, amisiri, madalaivala ndi ogwira ntchito m'boma ambiri amene luso lawo analitenga ku mabesi a apayoniya, ndipo mpaka lero ena amakumbukira mwambo ndi khama la gululi molisirira.

Koma maphunzirowo ankayendera limodzi ndi perete, kugwira mfuti ndi kuloweza nsanamira zinayi za chipani, zomwe ndi umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Chimene chinasintha gululi ndi mkangano wa nduna wa mu Sepitembala 1964. Nduna monga Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Yatuta Chisiza zitasemphana ndi Dr Banda, mtsogoleriyo anafuna gulu lokhulupirika kwa iye mwini, poti asilikali ndi apolisi anali adakali m'manja mwa akuluakulu achizungu. Mu Febuluwale 1965 anthu a Chipembere analanda boma la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi, koma anabwezedwa pa Liwonde. M'chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Young Pioneers Act, limene linaika apayoniya m'gulu la achitetezo cha dziko n'kuwapatsa chitetezo chapadera, kotero kuti wapolisi sakanatha kumanga mpayoniya mwa iye yekha popanda kudutsira kwa akuluakulu a gululo. Mu Okutobala 1967 Yatuta Chisiza analowa m'dziko muno ndi kagulu ka zida ndipo anaphedwa m'dera la Mwanza ndi Neno. Zochitika ziwirizi zinapatsa boma chifukwa chonenera kwa zaka zambiri kuti dziko lazingidwa ndi zigawenga.

Kuchokera pamenepo gululi linakula mbali zonse. Linali ndi likulu lake ku Youth House mu Lilongwe, mabesi m'zigawo zonse zitatu, nthambi yake ya ukazitape, oyendetsa ndege ndi maboti, komanso kampani ya malonda ya Spearhead. Alangizi ake ankaphunzitsa masewero olimbitsa thupi ndi perete m'sukulu za sekondale. Pamodzi ndi anyamata a malaya ofiira a Youth League, apayoniya ankaima pa zipata za misika, pokwerera mabasi ngakhalenso pa zipatala kufunsa khadi la chipani. A Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967 kaamba kokana kugula makhadiwo, anamenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba, ndipo mu 1972 pafupifupi 20,000 anathawira ku Sinda Misale m'chigawo chakum'mawa kwa Zambia.

Ku Kasungu mphamvu ya ndale imeneyi inakumana ndi mphamvu ya chuma. Mu 1968 kunayambika ntchito ya Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, ndipo m'zaka za m'ma 1970 makampani a Press Farming ndi General Farming, amene anali pansi pa Press Holdings ya Dr Banda, anatsegula maesiteti aakulu m'bomali ndi m'maboma oyandikana nalo. Lamulo la Special Crops Act linkaletsa mlimi wa m'mudzi kulima fodya wa bale ndi wa fuluu pa munda wake. Chiletso cha bale chinayamba kuchotsedwa mu 1990. Malo ambiri a mafumu anasanduka a lizi, ndipo anthu zikwizikwi, ambiri ochokera ku maboma akummwera, anadzakhala matenanti. M'dziko limene lili ndi atolankhani omasuka, nkhani za malo, za ngongole za matenanti ndi za mitengo ya fodya zikanadzaza masamba a nyuzipepala. Kuno mwini maesiteti aakulu ndiye anali mwini nyuzipepala, ndiponso mkulu wa anyamata amene ankamvetsera zokamba za anthu kumowa ndi kumaliro.

Pakamwa pamodzi

Wailesi ya Malawi Broadcasting Corporation inayamba ntchito mu 1964, ndipo kwa zaka zoposa 30 inali ndi tchanelo imodzi yokha. Wailesi ya kanema inadzabwera mu 1999. Bungwe lotolera nkhani la boma la Malawi News Agency linakhazikitsidwa mu 1966, ndipo kudzera mwa atolankhani ake a m'maboma linali gwero la zambiri zimene zinkamveka pa pologalamu ya Nkhani za m'Maboma. Mu 1968 Chichewa chinakhala chinenero cha dziko ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kampani ya Blantyre Printing and Publishing inalowa m'manja mwa Dr Banda, ndipo mu 1973 nyuzipepala yake inasanduka Daily Times. Malawi News inkatuluka kumapeto kwa sabata kuchokera ku kampani yomweyo. Mtsogoleri akakhala pa ulendo woyendera mbewu, wailesi inkaimitsa mapologalamu ena n'kuulutsa mwambo wonse, magule ndi malankhulidwe omwe, kwa maola angapo.

Malamulo anamanga mpanda mozungulira zonsezi. Lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act la 1968 linakhazikitsa bungwe lopima mabuku, mafilimu ndi masewero, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1970 mabuku oposa 800 anali ataletsedwa. Lamulo la Preservation of Public Security Act linkalola kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, ndipo ambiri anakathera ku Dzaleka m'boma la Dowa ndi ku Mikuyu ku Zomba.

Chaka cha 1973 n'chofunika kwambiri pa nkhani ya atolankhani ndi nkhondo. Pa nthawiyo gulu la Frelimo linkamenyana ndi Apwitikizi m'chigawo cha Tete, pamene boma la Malawi linali pa ubale ndi Apwitikiziwo komanso ndi boma la tsankho la South Africa, limene linatsegulirana nalo ukazembe mu 1967. Nkhani yoti magulu omenyanawo awomberana cha m'malire a dziko lino itamveka kunja, atolankhani angapo a ku Malawi anatsekeredwa popanda mlandu, ndipo malamulo a milandu anasinthidwa kuti wotumiza kunja nkhani imene boma laiona kuti ndi yabodza ndi yoipitsa dziko athe kulandira chilango cha ndende moyo wake wonse. Atolankhani akunja ankangololedwa kulowa mwa apo ndi apo ndi chilolezo chapadera. Phunziro limene olemba nkhani anatolapo linali lomveka: za nkhondo ya kutsidya kwa malire sazilemba.

Anthu a ku Kasungu anaona ndi maso awo kutalika kwa mpata pakati pa zolengezedwa ndi zochitika mu Meyi 1983. Aaron Gadama, nduna yoyang'anira chigawo chapakati, anasowa pamodzi ndi Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi phungu David Chiwanga. Wailesi ndi nyuzipepala zinalengeza kuti anayiwo afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza akuthawa m'dziko. Maliro awo analibe ulemu wa boma, ndipo kulira mokweza kunali koopsa. Patapita zaka 11, bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza milandu Harry Mtegha linapeza kuti anthuwa anaphedwa ndi apolisi ndipo galimoto inangokankhidwira kuphompho. Dr Banda, John Tembo ndi ena anazengedwa mlandu mu 1995 ndipo bwalo linawapeza osalakwa mu Disembala chaka chomwecho. Atolankhani amene analemba za ngoziyo sanapeke okha bodzalo. Analandira chikalata chochokera kumwamba n'kuchiwerenga. Koma chikhulupiriro chimene wailesi inataya tsiku limenelo sichinabwerere mosavuta.

Nkhondo ya ku Mozambique ndi mabelo a fodya

Dziko la Malawi lisanakhudzidwe ndi nkhondo ya Renamo, katundu wake woposa 90 peresenti wolowa ndi wotuluka ankadutsa pa madoko a Beira ndi Nacala. Fodya wa ku Kasungu ankagulitsidwa ku okushoni ya Kanengo kapena ya Limbe, n'kukwera sitima yapamtunda kupita kunyanja. Zigawenga zitaphwasula njanji, ya ku Beira inaleka kuyenda cha m'ma 1983 ndipo ya ku Nacala mu 1984. Katundu anayamba kuyenda pa malole mpaka ku Durban, podutsa ku Tete moperekezedwa ndi asilikali a dziko la Zimbabwe, kapena kuzungulira ku Zambia. Mtunda unawirikiza katatu kapena kanayi, ndipo ndalama zolipirira mayendedwe zinafika pafupifupi 40 peresenti ya mtengo wa katundu wolowa m'dziko. Thumba la feteleza likakwera mtengo ku Chamama, kapena tenanti akapeza kuti ngongole yake yadya zokolola zonse, mbali ina ya chifukwa chake inali mlatho wophulitsidwa ku Sofala kapena ku Nampula.

Chimene anthu sankauzidwa ndi mbali ya dziko lawo pa nkhondoyo. Maiko oyandikana nafe ankanena kuti zigawenga za Renamo zikudutsa ndi kubisala m'dziko la Malawi, ndipo dzina limene linkatchulidwa kawirikawiri linali la apayoniya. Boma linkakana nthawi zonse. Pa 11 Sepitembala 1986 atsogoleri Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kudzakumana ndi Dr Banda maso ndi maso. Atabwerera ku Maputo, Machel anaopseza kuti atseka malire ndi kuika mizinga moyang'ana Malawi. Pa 19 Okutobala ndege yake inagwa ku Mbuzini ndipo iye anamwalira. Ku Harare achinyamata okwiya anaphwanya maofesi a dziko la Malawi. Mu Disembala maiko awiriwa anasayinirana pangano la chitetezo, ndipo mu 1987 asilikali a Malawi anatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala.

Apa panabadwa chodabwitsa chimene chinadzabala zipatso mu 1993. Asilikali a boma ankafa polimbana ndi Renamo, kwinaku akukhulupirira kuti gulu lina la zida la m'dziko lawo lomwe likuthandiza adani awowo, ndiponso kuti gululo likulandira zida ndi chisamaliro choposa chawo. Nkhani za imfa za asilikaliwa zinkafika kwa anthu kudzera m'maliro ndi m'manong'onong'o kuposa pa wailesi. Pa 6 Novembala 1987 ndege ya Air Malawi yochokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe inawomberedwa pafupi ndi Ulongwe ku Mozambique ndipo anthu 10 anafa. Othawa nkhondo anasefukira ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Mulanje, Ntcheu, Dedza, Lilongwe ndi Mchinji mpaka kupitirira 1 miliyoni pofika 1992, chiwerengero chimene chinali pafupifupi munthu mmodzi pa anthu khumi alionse okhala m'dziko muno. Kuchereza kumene Amalawi anaonetsa kunatamandidwa pa dziko lonse, ndipo mbali imeneyo ya nkhani inkaulutsidwa. Funso loti nkhondoyo ikupitirira chifukwa chiyani, ndipo ndani akuidyetsa, linalibe malo.

Anthu sanakhale osamva. Wailesi yaing'ono ya mabatire inkagwira BBC, makamaka pologalamu ya Focus on Africa, inkagwira Radio RSA ya ku Johannesburg imene inali ndi mapologalamu a Chichewa ndipo mu 1992 inasanduka Channel Africa, komanso m'madera a m'malire monga Kasungu ndi Mchinji inkagwira mapologalamu a Chinyanja a ku Zambia. Radio RSA nayo inali chida cha boma la tsankho, choncho womvera wanzeru ankaphatikiza apa ndi apo kuti apeze choona. Ankamvetsera motsitsa mawu, mazenera atatsekedwa. Ngakhale kunja kwa malire kunalibe chitetezo chokwanira: mtolankhani Mkwapatira Mhango, amene ankalemba zotsutsa boma ali ku Lusaka, anafa pamodzi ndi anthu a m'banja mwake nyumba yake itaponyeredwa bomba la moto mu Okutobala 1989.

Kuchokera pa kalata ya maepiskopi kufika pa Bwezani

Kaunda atagonja pa chisankho kwa Frederick Chiluba mu Okutobala 1991, nkhaniyo inadutsa malire a Chipata ndi Lundazi popanda wina woifunsa chiphaso. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith, imene mwa zina inadandaula za kusowa kwa ufulu wolankhula. Boma linati kalatayo ndi youkira. Malawi News inalemba ndemanga ya mkonzi ya mutu woti No Mercy, nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Koma mawu ojambulidwa pa msonkhano wa akuluakulu a chipani, pomwe ena ankakamba zopha maepiskopiwo, anatuluka n'kukamveka pa mawailesi akunja. Makina a fakisi ndi ofotokopera anayamba kugwira ntchito imene nyuzipepala zinkalephera. Chakufwa Chihana anamangidwa pa bwalo la ndege pa 6 Epulo, mu Meyi anthu pafupifupi 40 anafa pa zipolowe za ku Blantyre, ndipo maiko opereka thandizo anaimitsa thandizo lawo la chitukuko.

Nkhondo ya ku Mozambique inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu 63 pa 100 alionse anasankha ndale za zipani zambiri, ngakhale kuti Kasungu, monga maboma ambiri a chigawo chapakati, anavotera chipani chimodzi. Pofika kumapeto kwa chakacho m'misewu munali nyuzipepala zoposa 20, monga The Independent, The Monitor, Michiru Sun, The New Express ndi The Nation imene inayamba mu Julaye 1993. Zambiri zinali za timasamba towerengeka, zina zinkalemba mphekesera ngati zoona, ndipo zochuluka zinafa chisankho chitangotha. Komabe ndi nyuzipepala zimenezi zimene zinachititsa kuti nkhani yolanda zida apayoniya ikambidwe poyera, pa nthawi imene bungwe la National Consultative Council linkaikankhira patsogolo ndipo boma linkazengereza.

Pa 1 Disembala 1993 apayoniya anawombera ndi kupha asilikali awiri ku Mzuzu atakangana pa malo omwera mowa. Dr Banda anali akuchira ku opaleshoni ya m'mutu imene anachitidwa ku Johannesburg mu Okutobala, ndipo dziko linkayendetsedwa ndi khonsolo ya anthu atatu yotsogozedwa ndi Gwanda Chakuamba, amene kale anakhalapo mkulu wa apayoniya. Pa 3 Disembala asilikali anatuluka m'malinga awo n'kuthira nkhondo Youth House, likulu la chipani ndi mabesi a gululi m'dziko lonse. Ntchitoyi inatchedwa Operation Bwezani. Anthu oposa 20 anafa, ndipo apayoniya pafupifupi 2,000 anathawira ku Mozambique, ambiri m'madera a Renamo. Anthu m'misewu ya Lilongwe anaimbira m'manja asilikali. Pa 7 Disembala Dr Banda analengeza kuti wayambiranso ntchito, mkulu wa asilikali Isaac Yohane anapumitsidwa, ndipo asilikali anabwerera m'malinga osalanda boma. Akatswiri Kings Phiri ndi Reuben Chirambo analemba mwakuya za masiku amenewa. Chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chinachitika gulu la zida la chipani kulibe.

Zimene malamulo akunena tsopano

Olemba malamulo oyendetsera dziko a 1994 anaika mbiri yonseyi m'magawo owerengeka, amene wogwira ntchito m'boma aliyense ayenera kuwadziwa. Gawo 159 limaletsa kukhazikitsa gulu lililonse lankhondo m'dziko muno kupatula Malawi Defence Force. Gawo 35 limapereka ufulu wolankhula, gawo 36 limapatsa atolankhani ufulu wolemba ndi kufalitsa nkhani m'dziko muno ndi kunja, ndipo gawo 37 limapereka ufulu wopeza uthenga umene uli m'manja mwa boma. Lamulo la Access to Information, limene limalongosola m'mene gawo 37 ligwirire ntchito, linavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo mu Disembala 2016 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020.

Za nthawi ya nkhondo zili m'gawo 45. Mtsogoleri wa dziko angathe kulengeza State of Emergency pokhapokha komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo itavomereza. Chilengezocho chimatha pakapita masiku 21 ngati Nyumbayo sinachiwonjezere ndi mavoti a magawo awiri mwa atatu, ndipo bwalo lalikulu la milandu lili ndi mphamvu yochiunika. Ufulu wolankhula ndi wopeza uthenga uli m'gulu la maufulu amene angachepetsedwe pa nthawi yotere, koma mongolingana ndi kukula kwa vutolo. Lamulo la Official Secrets Act lidakalipo, pamene milandu ya kuukira boma ndi mawu inachotsedwa m'malamulo mu 2022.

Malamulowa sanathetse chilakolako cha zipani chokhala ndi anyamata owopseza anzawo. M'zaka za ulamuliro wa UDF kunali a Young Democrats. Pa 19 Julaye 2011 achinyamata onyamula zikwanje anayendayenda pa magalimoto a chipani cholamula mu Blantyre, ndipo pa zionetsero za tsiku lotsatira, pomwe anthu 20 anafa, bungwe la MACRA linaletsa mawailesi kuulutsa zochitikazo pomwepo. Mu Juni 2025 anthu a zikwanje anavulaza mtsogoleri wa zionetsero mu Lilongwe achitetezo akuona, ndipo zithunzi zake zinafalikira pa Facebook ndi WhatsApp ola lomwelo. Magulu amenewa alibe lamulo lowateteza monga linalili la 1965, ndipo alibe mabesi kapena nkhokwe za mfuti.

Asilikali a Malawi akhala akutumizidwa kukasungitsa mtendere kunja kuyambira ku Rwanda mu 1994, dziko limene wailesi ya RTLM inagwiritsidwa ntchito kulimbikitsa kupha anthu, ndipo akuluakulu ake anapezeka olakwa ku bwalo la ku Arusha mu 2003. Ku Democratic Republic of Congo asilikali athu asanu ndi mmodzi anafa pafupi ndi Beni mu Novembala 2018. Mayina awo analengezedwa, mitembo yawo inalandiridwa mwaulemu pamaso pa atolankhani, ndipo mu Meyi 2019 mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anapatsidwa mendulo ya Captain Mbaye Diagne ndi bungwe la United Nations chifukwa chofa akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania. Mu Januwale 2025 asilikali ena atatu anafa pomenyana ndi gulu la M23 kum'mawa kwa dzikolo. Likulu la asilikali linatulutsa chikalata m'masiku omwewo, ndipo mu Febuluwale boma linalamula kuti ayambe kukonzekera zobwerera kumudzi.